Phazi la Agogo Bulantaya

"Pakanapanda banja lathu, mzinda uno bwenzi mukungouitana kuti iwe," ankatero a Venansio, telala wa ku Zingwangwa, uku akupalasa mashini awo osokera. "Dzina loti Blantyre ndi lathu. Boma likungobwereka."

Aliyense wodzasoketsa ankaimva nkhaniyi. Wobweretsa zipi ankamva yaifupi, wa suti ya ukwati ankamva yonse. Akuti kalekale, kusanabwere ngakhale njinga, agogo a agogo awo, a Bulantaya, anali khale pamwala umene uli kutsogolo kwa shopuyo. Kunatulukira azungu atatu, mapazi atatupa. A Bulantaya anawaphikira tiyi, n'kuwabereka kumsana mmodzimmodzi kuwolotsa mtsinje wa Naperi. Azunguwo atafuna kuwapatsa mchere ndi nsalu, iwo anakana. Anati malo onse omwe maso akuona angotchedwa dzina lawo.

"Tsiku limenelo kunali chifunga," ankawonjezera a Venansio. "N'chifukwa chake Limbe sinalowe nawo."

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatsutsa, a Luckson, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankaswera pabenchi ya shopuyo chifukwa kunyumba kwawo kunali adzukulu asanu ndi awiri.

"Achimwene, Blantyre ndi tauni ya ku Scotland, komwe kunabadwira Livingstone. A mishoni ndi amene anabweretsa dzinalo. Eni nthaka ankati Kabula. Zili m'buku."

"Bukulo analemba ndani?"

"Azungu."

"Basitu. Anatenga dzina kuno n'kukalipereka kwawo, mmene anatengera zina zonse."

"Nanga bwanji inu munatsika sitima yochokera ku Nsanje mu 1981, katoni kumutu?"

"Banja linangopita kukaona abale."

"Zaka zana?"

"Kumeneko n'kotentha, aphunzitsi. Munthu umachedwa kunyamuka."

Zinkathera pomwepo, palibe ankavulala. Koma Lolemba lina kunabwera anthu ovala zipewa zachikasu, a kampani yokuza msewu, n'kulemba X wofiira pakhoma la shopuyo. Anati inamangidwa m'malo a msewu, ichoke pasanathe masabata awiri. A Venansio anali atasoka pamenepo zaka makumi atatu. Makasitomala awo onse anali otsika minibasi pasiteji yapafupi. Akachoka, ndiye kuti mashini akaima pakhonde la nyumba yawo kumtunda kwa Chilobwe, ndipo palibe munthu wamoyo amene angakwere chitunda chimenecho chifukwa cha thalauza long'ambika.

Anzawo amene analemberedwanso X wofiira anayamba kuzula malata. A Venansio anagula envulopu. Analembera kampaniyo kalata yamasamba anayi, yofotokoza kuti kusuntha mwalawo n'kufufuta dzina la mzinda, ndipo kuti zikachitika iwo asadzafunsidwe makalata a anthu akamasochera.

Lachitatu kunafika injiniya wa kampaniyo, mayi wachitsikana wa ku Mbayani dzina lake Hafsah, chipewa chachikasu pamwamba pa mpango. Anamvetsera nkhani yonse, ya suti ya ukwati ija, osaseka.

"Bambo, ngati malo ano ndi a mbiri yakale, ine sindingawakhudze," anatero. "Msewu ukhoza kukhotako pang'ono, shopu yanu n'kupulumukira pomwepo. Koma si ine woweruza. Lachisanu ndibwera ndi katswiri wa zinthu zakale."

Atachoka, akazi a a Venansio, mayi Lusiya, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa shopuyo, anavundikira beseni lawo.

"Bambo a Maggie, mwala umenewu tinaupeza. Mwiniwake sitimudziwa."

"Mwiniwake ndi amene munakwatiwa nayeyu."

"Ine ndangonena. Nkhani zanuzi zimakoma anthu akakhala pansi. Akaimirira ndi fosholo n'zina."

Lachisanu a Venansio anavala suti yomwe kasitomala wina sanabwerere kudzatenga. Nkhani inali itafika mpaka kumsika. Kunabwera amayi a tomato, ometa, a kabaza, ndipo minibasi ziwiri zinaima ndi anthu ake momwemo, kondakitala akuti amene akufulumira atsike. A Luckson anabwera ndi buku lija m'jumbo.

Katswiriyo anali bambo woonda, a Jonas, wosayankhulayankhula. Ananyamula tepi ndi kaburashi kotsukira mano. Mwalawo unkaoneka pang'ono chabe, kachigawo kotuwa kotulukira m'dothi, kwina konse kunali kokwiririka. A Venansio anagwada, n'kupukuta fumbi ndi hanki. Panaoneka chinthu chooneka ngati phazi la munthu, chotukuka pang'ono.

"Apa ndi pomwe agogo anaponda polumbiritsa azungu aja. Mwala unamvera."

Anthu anati, "Eee!" Mayi wina analigwira phazilo n'kudzigwira pachipumi. A Jonas analiyeza ndi tepi m'litali, n'kuliyezanso m'lifupi.

"Ili ndi lamanzere," anatero. "Lamanja lili kuti?"

"Anaima ndi mwendo umodzi. Kale kulumbira kunali kotero."

"Ndiyenera kuuona wonse. Mungalole tikumbe?"

Mayi Lusiya anatsokomola. A Venansio sanacheuke. Anakodola a Majidi, mmodzi wa antchito a msewu, bambo wa ndevu zaimvi amene anaima potero ndi fosholo paphewa.

"Kumbani, a Majidi. Dziko lione."

A Majidi anakumba mosamala ngati munthu wofukula chinangwa cha eni. Mbali imodzi ya mwalawo inatuluka yowongoka bwinobwino. Kenako kunatuluka kona. Pakonapo panali kachidutswa ka waya wadzimbiri.

"Agogo anu ankadziwa waya?" anafunsa a Luckson.

"Anali patsogolo pa anzawo."

"Ndi levulo ya amisiri omanga yomwe?"

"Aphunzitsi, lero si tsiku la nsanje."

A Jonas anagwada n'kuyamba kupala dothi ndi kaburashi kawo. Anthu anapanikizana mpaka wa kabaza wina anakwera panjinga yake kuti aone bwino. Pang'onopang'ono panatulukira chala chachikulu, kenako chidendene. Phazi lamanja, lofanana ndendende ndi linzake, litatalikirana nalo mwaulemu.

"Mwaona?" anakuwa a Venansio. "Awiri! Lembani, mayi injiniya, lembani!"

Anthu anaomba m'manja, amayi a tomato n'kuimba nthungululu. A Luckson anabweza buku m'jumbo. Ndi a Majidi okha amene anasiya kukumba, n'kuyang'ana mapaziwo mutu utapendekeka, ngati munthu amene wakumana ndi nkhope yodziwika koma sakufuna kuipatsa moni pagulu.

"Bwana, ndipitirize?"

"Mwatopa kale? Kumbani!"

Fosholo inadutsa pakati pa mapazi awiriwo, chakumbuyo pang'ono, n'kukodwa. A Jonas anapala. Panali chivundikiro chaching'ono, chozungulira kumbuyo ndi chosongoka kutsogolo, chokhala ndi chogwirira chawaya.

Nthungululu zinaleka. Mayi amene anadzigwira pachipumi uja anayamba kupukuta dzanja pachitenje. Mayi Lusiya ananyamula beseni la zitumbuwa n'kukaima kutsidya kwa msewu. Aliyense amene anakulira m'mapoloti a lendi anali atazindikira kale, kupatula munthu mmodzi.

"Si ndinanena?" anatero a Venansio. "Kalata ya mgwirizano! Agogo anaisunga m'menemu. Musakhudze, a Jonas. Wotsegula akhale wa magazi."

"Achimwene," anatero a Luckson chapansipansi, "tiyeni tikamwe kaye tiyi."

Koma a Venansio anali atakwera kale pamwalapo. Kuti agwire bwino, anaika phazi lamanzere pa phazi lamanzere, lamanja pa lamanja, n'kunjuta. Anakwanira ndendende. Anagwira wayayo ndi manja awiri n'kukoka.

Chivundikiro chinazuka. M'dzenjemo munatuluka kampweya kamene kanadikira zaka zambiri, kakutsatidwa ndi mphemvu zitatu zonenepa. Ziwiri zinathawira kumsika. Imodzi inakwera nsapato ya a Venansio n'kulowa m'thalauza la suti.

A Jonas anatsegula kope lawo n'kulemba uku akuwerenga mokweza: "Chimbudzi. Simenti."

Hafsah anakodola woyendetsa gireda yosalazira msewu, kenako anatembenukira kwa a Venansio, amene anali chinjutire pomwepo, chivundikiro m'manja.

"Bambo, mashini osokera aja tikuthandizeni kunyamula?"