Botolo la Soda Limene Anasiya Maxon

Maxon atamwalira, anasiyira mkazi wake Zipora ana awiri, makina owotcherera zitsulo ndi botolo la soda, yemwe uja wophikira therere. Kwa zaka zambiri, m'mimba mukayamba kuotcha, Maxon ankasungunula soda m'madzi, n'kumwa, n'kugeya, basi n'kubwerera kukawotcherera mageti kumsika wa ku Chinsapo. "Ndi maalasa chabe, tizilonda ta m'mimba," ankatero. Pomwe ankapita kuchipatala n'kuti ataonda ngati ndodo, chimbudzi chikutuluka chakuda bii. Madokotala anati ndi khansa ya m'mimba, ndipo anachedwa nayo.

Pamaliro, Annette, mlongo wake wa malemuyo, sanadikire n'komwe kuti anthu abalalike.

"Maalasa amayamba ndi maganizo," anatero mokweza. "Achimwene anga mwawapha ndi pakamwa panu, mlamu. Munthu akuweruka atatopa, inu kumulandira ndi zolongolola!"

Mawuwo anamukhala pamtima Zipora. Kumpopi azimayi ankangoti zii iye akafika. Chowawa kwambiri n'chakuti nayenso anayamba kukhulupirira. Nanga ndi banja liti losakangana?

Posakhalitsa naye m'mimba munayamba kuotcha, makamaka akakhala ndi njala. Anatsitsa botolo lija.

Amayi Peggy, oyandikana nawo nyumba, amene ndi alangizi a zaumoyo, anamupeza akutakasa soda m'kapu.

"Amake Tione, ana awa mukufuna atsale ndi ndani?" anafunsa.

"Ndi maganizo, Amayi. Si akuti ndinapha mwamuna? Mwina yakwana nthawi yanga."

"Takhalani pansi. Zilonda zambiri za m'mimba sizibwera ndi maganizo ayi. Kuli kachirombo kotchedwa H. pylori. Kamalowa kudzera m'madzi oipa, chakudya chosasamalika ndi malovu, kawirikawiri tikadali ana, ndipo anthu a nyumba imodzi amapatsirana. Ambiri ali nako koma sadwala. Ena kamawayambitsira zilonda, ndipo ochepa, kakakhalitsa, kamawabweretsera khansa. Soda amangogonetsa ululu, kachirombo kali mommo."

"Ndiye Maxon..."

"N'kutheka ndithu. Koma inu mudakali ndi mpata. Kuchipatala amayeza chimbudzi, akakapeza amapereka mankhwala. Mukamwe onse, osagawirako munthu."

Zipora analira, koma misozi yake inali yaukali. Zaka zonse zija mwamuna akugeya soda, chikhalirecho matendawo ali ndi mankhwala! Ndipo anthu mlandu anamusenzetsa iye.

Anapita kukayezetsa, kachirombo kanapezeka. Mankhwala ake anali owawa m'kamwa komanso ochititsa nseru, koma anawamaliza. Atakayezetsanso anamuuza kuti katha.

Tsiku lina Annette anatulukira ndi wakabaza kudzatenga makina aja, akuti ndi katundu wa achimwene ake. Powerama kuti anyamule, Annette anagwira pamimba n'kukwinya nkhope.

"Mlamu, soda uja wa achimwene alipo? Mundigawireko."

Zipora anayang'ana botolo lija pawindo. Kunena zoona, mtima wina unamuuza kuti angolipereka, asanene kanthu. Munthu amene anakuyalutsa pamaso pa anamalira umamuchitiranji chifundo? Koma anakumbukira mmene Maxon ankakanikira kumeza ngakhale phala. Anatenga botololo n'kukhuthulira soda yense m'ngalande.

"Inu ndi Maxon munakulira nyumba imodzi, kumwa chitsime chimodzi," anatero. "Si pakamwa panga pamene pakukuotchani m'mimbamo. Mawa m'mawa ndikuperekezani kuchipatala. Mukakana, uzani ana anu ayambiretu kufuna nkhuni za pamaliro."

M'mawa mwake Annette anabwera, n'kupita naye kuchipatala. Nayenso anamupeza ndi kachiromboko, komanso chilonda chimene chinali chisanafike poipa. Anamwa mankhwala n'kuchira. Mawu oti pepani sanawatulutse mpaka lero, ndipo makina aja anawatengabe.

M'mimba mukamaotcha kawirikawiri, musadalire soda ndipo musaloze munthu chala. Pitani mukayezetse, makamaka ngati wachibale wanu anadwalapo khansa ya m'mimba. Mukamaonda popanda chifukwa, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda, thamangirani kuchipatala. Sambani m'manja ndi sopo, imwani madzi otetezedwa, ndipo malizani mankhwala onse. Ana a Annette ali ndi mayi lero chifukwa anayezetsa msanga. Ana a Zipora bambo awo amakawaona kumanda.