A Kalipentala Aona Chotupa Chawo

A Kalipentala anali munthu wamakani. Madokotala anawachotsa mbali ya phapo lakumanja mmene munali chotupa cha khansa, koma makaniwo anawasiya momwemo. Patatha milungu itatu, namwino atawapatsa pepala la zotsatira, iwo anangolitembenuza n'kulibweza.

"Pepala lindiuza chiyani? Ine ndikufuna kudziwa ngati ndikhale ndi moyo. Ndionetseni chimene munadulacho."

"Bambo ake, mwayambatu," anatero akazi awo, akuwakoka malaya.

Namwino atatopa nawo, anawatengera kukachipinda ka kumapeto kwa khonde, kumene kumakhala dokotala woyeza minofu. Anali mayi wamfupi, wamandala, amene zaka zonse ankaona anthu ali tizidutswa basi, nkhope zawo osazidziwa. Patebulo pake panali timagalasi tambirimbiri, kalikonse kali ndi kadontho kofiirira.

"Aka ndi kanu, bambo," anatero. "Tinachicheka chotupacho mopyapyala kuposa khoko la anyezi."

A Kalipentala anakwinya pamphumi. Zaka makumi anayi akupala matabwa, sanafikepo pamenepo, ndipo nsanje inawagwira pang'ono.

Anaika diso pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Poyamba anangoona nsidze zawo zomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dokotala atapotokola kachitsulo, a Kalipentala anangoti kakasi. Munali dziko lathunthu mmenemo! Tinjira, timabowo ta mpweya tolukana bwinobwino, ndipo chapakati panali mulu wa timadontho takuda tothithikana mopanda dongosolo.

"Muluwo ndiye khansa," anatero dokotala. "Tsopano pitani kumanja. Mwauona mzere wa inki? Pamenepo m'pamene mpeni unadutsa. Pakati pa mzerewo ndi muluwo mukuonapo chiyani?"

"Mnofu wabwino."

"Eya."

"Ndiye anadula ngati ife," anatero a Kalipentala, mawu atatsika. "Thabwa likafumbwa sudula pofumbwa penipeni. Umaluma ndi pabwino pomwe."

Dokotala anaseka. "Mwakhoza. Ndayang'ananso timitsempha, sindinapezemo khansa. Koma onani m'mphepete mwa muluwo, tinthu ting'onoting'ono tozungulirato."

Tinalipo tosawerengeka, titauzinga muluwo mbali zonse, tina titalowerera m'kati.

"Amenewo ndi asilikali a thupi lanu. Anayamba kulimbana nacho chotupachi kalekale, inu musanatsokomole n'komwe. Kulonjeza sindingalonjeze, ndine munthu. Koma minofu ikaoneka chonchi, eni ake ambiri amakhala zaka ndithu."

Akazi awo anakhala pampando mwadzidzidzi, atagwira pakamwa. A Kalipentala sanachotse diso pagalasipo. Mantha amene anawasenza miyezi yonseyi anayamba kuphwa, ndipo m'malo mwake munalowa ulemu, wonga umene mmisiri amaumva akaona ntchito ya womposa. Miyezi imene iwo ankakhoma misomali, kukangana ndi makasitomala ndi kuliza mkonono, m'chifuwa mwawo munali nkhondo, tinthu timeneti tikuwafera osapempha kanthu.

"Adokotala, timeneti tidakalimo?"

"Tadzaza."

A Kalipentala anadzuka pang'onopang'ono n'kuika dzanja pachipsera. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

"Mayi ake, inetu chiyambireni kudwala ndakhala ndikulitukwana thupili, kuti landigulitsa. Tsiku lililonse."

"Nanga si ndinkakumvani."

"Ndiye pepani anyamata," anatero, akusisita nthiti. "Sindimadziwa."