Sitima ya Boaz Sinaime

Lachitatu lina mu 1999, pamsika wa Kapata, amayi Leticia ndiwo anatisimbira izi.

Amuna awo a Boaz ankayendetsa sitima ku Kabwe mpaka ntchito inatha. Kuno ku Chipata kunalibe sitima, ndiye ankangokhalira kusewera kagemu kam'manja koyendetsa sitima. Imfa inawapezera pakhonde, ulendo wa m'kagemumo uli pakati.

Pogawa katundu wa malemu, alamu anachotsa mabatire m'kagemu kaja n'kukasiyira amayiwo. Koma masana, iwo akuswa mtedza, kankalirabe m'kabati ngati sitima yosowa poima. Apo anadziwa kuti amuna awo sanafike kumene amapita. Anaikamo mabatire ena kuti aimitse okha sitima ya m'kagemumo, koma ankangopitirira siteshoni.

"Ndiye ndinakakulunga m'chitenje," anatero amayiwo, "ndinakwera basi ya ku Kabwe kukafuna a Ackim, anzawo a malemu oyendetsa nawo sitima, kuti akawaimitsire."