Chilindo cha Amake Natasha

Abusa Hosea Mbewe anafika ku Malama mvula yoyamba itangogwa, ali ndi katoni ya mabuku ndi mtima wofuna kukonza chilichonse. Kwawo kunali kumtunda, ku Katete, kumene mdani wamkulu wa munda ndi mbuzi ya mnzako. Mpingo unawakonda, chifukwa kunena zoona munthuyu ankalalika, ndipo maliro sankawazemba ngakhale msewu utasanduka phala.

Zinthu zinayamba kuvuta mu Malichi, chimanga chitayamba kukhwima. Lamulungu loyamba anasowa anthu angapo, lachiwiri theka la kwaya, lachitatu abusa analalikira ana ndi nkhalamba basi. Zinawapweteka. Mumtima ankati anthu atopa nawo, ndipo munthu akayamba kuganiza choncho makutu ake amatsekeka.

A Luckson, mkulu wa mpingo, anayesa kuwalangiza. "Abusa, ino ni nthawi yolinda minda. Anyani a kuno amalidziwa belu lathu, likangolira amadziwa kuti minda yasala yokha. Abusa akale miyezi iwiri iyi sanali kufunsa munthu."

Abusa anaseka za nyani wodziwa belu, nayankha kuti mwina n'chifukwa chake akalewo anasiya mpingo wofooka chonchi. Lamulungu lomwelo analengeza lamulo: wojomba katatu motsatizana dzina lake liwerengedwa paguwa, ndipo aimitsidwa Mgonero.

Mabanja ambiri anapeza njira. Mwamuna ankatsala m'chilindo, kamsasa kaja kokwezeka pakati pa munda, mkazi n'kubwera kutchalitchi, sabata yotsatira n'kusinthana. Koma Felister, amene onse ankamutchula amake Natasha, analibe wosinthana naye. Mwamuna wake anamwalira chaka chathachi, namusiyira mwana wazaka zitatu ndi munda wa kumapeto kwenikweni, wogundana ndi thengo. Mayiyu ndiye ankasesa m'tchalitchi chilimwe chonse popanda womutuma. Tsiku lowerenga mayina litakwana, papepala panali dzina limodzi lokha, ndipo abusa analiwerenga mokweza.

Lamulungu lotsatira Felister anabwera. Anakhala pa benchi yakumbuyo, ya anthu apachilango, mwana ali pamiyendo. Abusa atamuona anakondwa kwambiri, moti ulaliki wa nkhosa yotayika anautalikitsa mpaka dzuwa linapendeka. Anaona kuti mayiyo akungosuzumira pawindo, ndiye anaponya mawu: "Ena muno thupi lokha ndilo labwera, mtima watsalira kumunda." Anthu angapo anaseka. Felister anaweramitsa mutu ndipo sanayang'anenso kunja mpaka pemphero lotsekera.

Lolemba masana a Luckson anafika kunyumba ya abusa, chipewa chili m'manja. "Mwaswera bwanji, abusa? Tiyeni mukaoneko munda wa amake Natasha."

Ananyamuka limodzi. Atafika, abusa anaima chilili. Mapesi anali othyokathyoka kuyambira kuthengo mpaka pansi pa chilindo, makoko ali mbwee. Nyani sadya mwaulemu: amaluma chimanga kamodzi, n'kutaya, n'kuthyola china. Chakudya cha chaka chonse chinali pansi, chilichonse chili ndi mano ake, nyerere zitayamba kale ntchito.

"Anyaniwa anatsika nthawi yanji?" anafunsa abusa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"A munda wa uko akuti dzulo cha m'ma teni koloko. Anayesa kukuwa, koma munthu mmodzi sangalinde minda iwiri."

A Luckson akanati "ndinakuuzani", mwina abusa akanapeza pokwiyira, koma bamboyo anangotola chimanga chimodzi, nachitembenuza, n'kuchiikanso pansi. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa sanakome konse.

Masiku atatu abusa anali munthu wodwala wopanda matenda. Akatsegula Baibulo kuti akonze ulaliki, ankangomva mawu awo omwe aja a thupi ndi mtima, ndi kuseka kwa anthu. Chimene chinkawadya kwambiri si lamulo lija, koma chimwemwe chimene anamva poona mayi wamasiye atakhala pa benchi ya chilango. Anali ndi manyazi, ndipo ankadziwa kuti ayenera kukanena ndi pakamwa pawo kuti analakwa. Madzi akatayika saoleka, komabe wotaya amayenera kuvomera.

Lachinayi anapita. Anamupeza Felister pabwalo akudula ndi mpeni malo olumidwa pa chimanga chimene anatola, chotsalacho akuyanika pamphasa. Sichikanadzaza ngakhale thumba limodzi. Mayiyo atawaona anathamangira mpando, naupukuta ndi chitenje, iye n'kugwada chapatali.

"Amake Natasha," anayamba abusa, "ndabwera chifukwa..."

"Mwachita bwino kubwera, abusa, ninali kufuna kufika kwanu mailo, Lachisanu. A Maxwell, aphunzitsi aja, afuna munthu wowalindira munda mpaka akolole. Akuti azanipatsa chimanga, ine na mwana tizadyako mpaka mvula. Manje ni ma Sondo folo osabwera kutchalitchi. Ndiye nati niyambe napempha kwa imwe. Ngati simulola, niwauze apeze wina. Sinifuna dzina langa liwerengedwenso, amayi anga kumudzi anamva, analira."

Abusa anaona kuti mayiyu analibe chakudya chifukwa cha iwo, ndipo anali wokonzeka kukananso china ngati iwo atapukusa mutu. Anatsika pampando paja nakhala pansi, pafumbi.

"Mayi, wolakwa ndine. A Luckson anandiuza, ine sindinamve. Munda wanu ndinaudyetsa ndine. Ndikhululukireni."

Felister anadzidzimuka, nayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina angaone abusa atakhala pansi pakhomo pake. "Iyayi, abusa, musakambe choncho, nyamukani. Imwe munakamba Mawu. Nyani ni nyani chabe."

"Ayi, si Mawu amene ndinanena tsiku lija. Unali mkwiyo wanga."

Mayiyo anangowayang'ana ngati munthu amene wauzidwa nkhani yosamukhudza. Kukhululuka kumene abusa anadzera sikunabwere, chifukwa iye sankaona choti akhululuke. Anadikira pang'ono mwaulemu kuti abusa amalize, akadali chigwadire, manja ali pamodzi.

"Nanga za kwa a Maxwell zija, abusa," anafunsa motsitsa mawu, "mwanilola?"