Tsiku Limene Vainess Anagwada

Mwa achinyamata khumi ndi awiri amene ndinapatsidwa kuti ndiwasule akhale oyimbira mpira, khumi ndi mmodzi ankauopa wezulo. Ankauliza ngati akupepesa. Vainess Zimba yekha, mtsikana wa ku Tembwe wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye ankati akauika pakamwa, ngakhale mbuzi zodya udzu kuseri kwa golo zinkadzutsa mitu.

Ine ndine Hazel Sakala. Ndimaphunzitsa masewera pa sukulu ina ya sekondale pa boma la Chama. Ndinakulira ku Matero, mu Lusaka, ndipo ndinayimbira mpira zaka zisanu ndi ziwiri bondo lisanandikane. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sanama.

Chaka chimenecho kunakonzedwa mpikisano wa ana osapitirira zaka khumi ndi zisanu, matimu asanu ndi atatu a m'boma lonse, pa sabata yokondwerera ufulu. Anatiuza kuti kudzabwera a Fabian Daka, mkulu woyesa oyimbira wochokera ku Chipata, kudzasankha mmodzi woti apite naye ku maphunziro opezera baji ya woyimbira wovomerezeka. Malo anali amodzi basi. Ine ndinali nditasankha kale mumtima, ndipo sindinkabisa kwenikweni. Sabata yoyamba isanathe, wezulo wanga wakuda wa ku Lusaka unali utalendewera kale m'khosi mwa Vainess.

Tinkayamba m'mawa dzuwa la Okutobala lisanakwiye. Mizere ya bwalo tinkalemba ndi phulusa lopempha kwa amayi ophika mandasi kumsika, mbendera tinang'amba chitenje changa chakale. Malamulo ana aja sanavutike nawo. Ofusayidi anaimva m'masiku atatu. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali ulemu wawo.

Tsiku lina ndinadziyesa kochi wolusa, ndikukalipa m'mbali mwa bwalo, kuti ndione ngati angandilange. Salome, mmodzi wa atsikana aja, anabwera chonyang'ama, napinda maondo, nandipatsa kadi yachikasu ndi manja awiri ngati akundipatsa madzi akumwa. Mwiza, mnyamata wamtali ngati mlongoti, anayamba ndi kuomba m'manja kaye. Ndinapsa mtima mpaka ndinataya kapu yanga pansi.

"Mvelani imwe," ndinatero. "Refa sagwada. Mukangoloŵa mu mizere iyi palibe amalume, palibe abusa, palibe aheadi. Kadi ni dzanja limodzi, m'mwamba, maso pa maso. Kambani nimve."

"Refa sagwada," anayankha onse, ena akuseka.

Tinkanena mawu amenewo m'mawa uliwonse ngati pemphero. Vainess ndiye anawamvetsa. Tsiku lachitatu anandionetsa kadi yofiira atangoima njo, akundiyang'ana m'maso, mpaka ine mwini ndinamva manyazi ndi kutuluka m'bwalo. Ndinamukonda mwana uja, ndinene zoona. Ndinkamuona kale ali pa mabwalo akuluakulu amene bondo langa linandimana.

Mpikisano usanayambe ndinawapatsa fomu. Funso lomaliza linali loti, ngati uli ndi m'bale mu timu iliyonse, lemba dzina lake. Kuno aliyense ndi m'bale wa aliyense, kotero Mwiza anadzaza mpaka kuseri kwa pepala. Vainess analemba msuweni wake mmodzi wa timu ya Tembwe. Pa mzere wachiwiri panali kadontho ka inki, pamene bolopeni inatera kenaka n'kuchokapo. Kadonthoko ndinakaona, koma sindinafunse.

Masiku anayi a mpikisano anayenda bwino. Tembwe inatuluka msanga, ndipo mu ndime yomaliza munalowa Chifunda ndi timu ya pa boma. Sindinachite kuganiza kawiri. Ndinalemba pa bolodi kuti pakati pakhala Vainess, Mwiza ndi Salome agwire mbendera.

Masana a tsiku lomwelo anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikupopa mipira. Anaima kanthawi, chala chikusewera ndi chingwe cha wezulo.

"Madam, siningagwire chabe mbendera maŵa? Mwiza ayimbire."

"Chifukwa?"

"Ku Chifunda kuja kuli anthu akulu."

"Anthu akulu ali konse. Ndani? Tchula dzina."

Anayang'ana pansi.

"Ngati palibe dzina, palibe nkhani," ndinatero. "Manje wayamba mantha? A Daka abwera kuchoka ku Chipata kuti aone iwe, ndiye iwe ufuna kukabisala ku mbendera? Usanikhumudwitse, Vainess."

"Chabwino, Madam," anatero, n'kumapita.

Tsiku la ndime yomaliza anthu anadzaza bwalo mpaka ena anakwera m'mitengo. A ku Chifunda anabwera pa lole, ndi ng'oma zawo. A Daka anakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi ine, kabuku pa ntchafu. Chigawo choyamba chonse ankangogwedeza mutu ndi kulemba. Nthawi ina anandinong'oneza kuti, "Uyu mwamupeza kuti?" Ndinadzimva ngati ndamubereka ndine.

Chimodzi chokha ndinachiona koma osachimvetsa. Vainess sankayandikira mbali imene kunali benchi ya Chifunda. Mpira ukapita uko, ankauyang'anira chapatali.

Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, wotchinga kumbuyo wa Chifunda anatchinga mpira ndi mkono m'bokosi. Wezulo unalira kamodzi, mwamphamvu, dzanja litaloza pa penate. Sanalakwitse. Aliyense anaona.

Apo ndi pamene kochi wa Chifunda, a Jack Goma, bambo wa imvi, wa thupi lake, analowa m'bwalo. Sanathamange. Anayenda mpaka pa kadontho ka penate, natola mpira, naukwapatira m'khwapa, n'kuima pomwepo. Lamulo la zotere silifuna kutsegula buku. Koma Vainess anaima patali ngati wamera mizu. Ng'oma za Chifunda zinaleka. Amayi a mbali imeneyo anagwira pakamwa, ndipo ine ndinkayesa kuti akuchita manyazi ndi kochi wawo.

"Kadi, Vainess," ndinakuwa. "Uyembekeza chani?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi. Kenaka anayamba kuyenda. Atatsala mapazi ngati asanu kuti awafike, anaima, napotoza nkhope kumbali kuti asawaone m'maso, nagwada m'fumbi muja maondo onse awiri. Anatulutsa kadi yofiira n'kuikweza ndi manja awiri.

Ndiye mbali ya pa boma kunaphulika chiseko, mafoni ali m'mwamba. A Goma anayang'ana kadiyo nthawi yaitali. Anaika mpira pansi bwinobwino, natuluka, osalowera ku benchi koma kumsewu.

Vainess anadzuka, osasansa ndi fumbi lomwe la m'maondo, nayimbira penate. Inalowa. Anamaliza mphindi zotsalazo osaphonya kanthu, ndipo nthawi itakwana analiza wezulo katatu, kufupi, kufupi, kenaka kotalika, monga ndinamuphunzitsira.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Ndinamukokera kuseri kwa kalasi, anzake onse akuona, n'kumutsanulira mkwiyo wanga wonse. Ndinati wandichititsa manyazi. Ndinati masabata atatu ndinkalankhula ndi chitsa. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe pano. Iye anangoima, misozi ikutsika. Nditatopa, anavula nsapato za mpira zimene ndinamubwereka, naziika pakhonde, n'kuchoka.

Salome ndiye analimba mtima.

"Madam, aja ni apongozi ŵake. Ni atate a Meshack, wamene anamutomera. Ukwati ni Disembala."

"Nanga pa fomu sanalembe bwanji? Nanga dzulo n'tamufunsa?"

Salome anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amanyowetsera.

"Dzina la apongozi silitchulika, Madam. Olo kulemba. Na kuima pafupi nawo sitiima."

Ndinakhala pansi pakhonde paja. Apongozi ndimawadziwa, nanenso ndinali nawo. Koma anga a ku Lusaka ndinkakwera nawo minibasi mpando umodzi, tikulimbirana mtedza. Zaka zinayi ndili mu Chama ndinkadziyesa kuti malo ano ndawadziwa chifukwa ndikudziwa kogula mpunga wabwino.

Madzulo ake ndinawatsata a Daka kumene anafikira, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera bwinobwino. Anati penate inali yoona, kadi inali yoona, koma kanema wa refa wogwada anali atafika kale m'mafoni a ku Chipata iwo asanabwerereko n'komwe, ndipo sakanatha kuimirira pamaso pa anzawo ndi dzina limenelo chaka chomwecho. Anatenga Mwiza. "Mulekeni fumbi likhale pansi," anatero. "Chaka chamaŵa tizaona."

Ndinagwira mawu amenewo miyezi isanu ndi umodzi. Foni ya Vainess sinkapezeka. Mvula inabwera, misewu ya kuchigwa inatsekeka, ndipo nkhani ndinkangomva kwa Salome. Akuluakulu a mbali ziwiri anakhala pansi ku Tembwe. A kwa Goma anati mtengwa wovala kabudula wathamangitsa apongozi ake pa gulu, chinthu chimene sichinamvekepo. Ukwati unatsala pang'ono kutha. Chimene chinaupulumutsa, anatero Salome, ndi kugwada kuja. Azakhali ena a Meshack anati mwana amene anakumbuka kugwada pa chipwirikiti chotere ndi woleredwa. Anamukhululukira, koma analonjeza pamaso pa onse kuti sadzapondanso m'bwalo la mpira.

Kumayambiriro kwa Meyi a Daka anaimba foni. Anati maphunziro ena ayamba mu Juni, ndipo malo a mtsikana uja awasunga. Anatumizanso kalata yomuitana. Loweruka lotsatira ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chifunda kumene Vainess anakwatiwa, ulendo umene unandisiya msana uli zidutswa.

Pakhomo anandilozera kudambo. Ndinamupeza m'mphepete mwa munda wa mpunga umene unali utayamba kucha, atakhala pa kachulu, atamanga chitenje ndi duku. Atandiona anadzuka, nabwera, nagwada kundipatsa moni.

"Imirira, Vainess," ndinatero.

"Kuno timagwada, Madam," anayankha, akumwetulira pang'ono.

Ndinakhala naye pa kachulu paja. Ndinamuuza za a Daka, za Juni, za baji. Ndinati ndikhoza kupita ndekha kwa apongozi ake, ndikagwade ndi bondo langa loipali, ndikapepese kuti wolakwa ndine. Ankamvetsera akuyang'ana mpunga.

"Ninalonjeza pa anthu," anatero. "Atate anga analipo. Nikabweza mawu, manyazi aja azakhala ŵao."

"Unikhululukire. Sin'nadziŵe."

"Munanifunsa dzina, Madam. Mukanafunsa kuti ni ndani kwa ine, sembe n'nakuuzani."

Ndinalira pamaso pa mwana amene ndinamuphunzitsa kuti refa saonetsa mantha, ndipo iye ndi amene anandigwira dzanja. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kuti mpunga umva.

"Koma penate ija inali yoona, ai?"

"Inali yoona. Palibe refa mu Zambia muno akanaiona mosiyana."

Anagwedeza mutu, nakoka mpweya. Pamenepo ndi pamene ndinaona chingwe chakuda chija m'khosi mwake, chikulowa m'kati mwa bulauzi. Anaona kuti ndachiona, nayamba kuchivula. Ndinamuletsa. Ndinati wezulo ndi wake.

Sanandiperekeze, chifukwa munda wa mpunga wakucha susiyidwa wokha masana. Ndinayenda ndekha m'kanjira ka m'matope ouma kulowera kumene ndinasiya njinga. Ndisanafike patali, chigulu cha mbalame chinadutsa pamutu panga, chikutsikira kudambo. Ndiye kumbuyo kwanga ndinaumva, woyera, wamphamvu, wopanda kupepesa: kufupi, kufupi, kenaka kotalika. Mbalame zinabalalika zonse. Ine ndinaima m'kanjira muja ndi kalata ya a Daka m'thumba, ndipo sindinathe kucheuka.