Mbululu za Kachete

Wamatayala anali ndi mabeseni awiri. Lina ankaviikamo chubu kuti aone pomwe pakuphwa mpweya. Linalo, lothyoka mlomo, linkakhala kuseri kwa shedi. Madzi ankatunga ndi mwana wake wamkazi, yemwe anthu ankamutchula Kachete chifukwa mawu ake anali osowa ngati tayala latsopano pa minibasi.

M'mawa wina beseni la ntchito linabooka. Wamatayala anathamangira kuseri, n'kupeza linzake lija lili ndi madzi obiriwira, timitu takuda tikusambiramo.

"Mwana uyu! Ndimamutuma madzi, iye akubweretsa ngalande yonse!"

Anakhuthulira pafumbi. Nkhuku ya aneba sinadikire kuitanidwa.

Masana Kachete anabwera kuchokera kusukulu akuthamanga.

"Ababa, ndayankha m'kalasi! Aphunzitsi anafunsa kuti chule amayamba bwanji, onse anangoti zii. Ine ndinati ndili ndi mbululu kunyumba, zina zaphuka kale miyendo yakumbuyo. Akuti mawa ndipite nazo, ndikaime kutsogolo ndikafotokoze!"

Mawu ochuluka chotere bamboyo anali asanawamvepo pakamwa pa mwanayu. Anayang'ana nkhuku ija. Nayo inamuyang'ana ngati mnzake wapamlandu.

"Zabwino zimenezo, mama," iye anatero. "Thamanga kaye kumsika ukathandize amayi ako kunyamula katundu."

Mwana atangokhota, Wamatayala anatenga sefa ya tiyi ndi chitini. Dalaivala yemwe ankadikira tayala lake anadzuka pabenchi.

"Achimwene, galimoto yanga ili pajeke, inu mukupita kosodza?"

"Khalani pansi, bwana. Ndili ndi maliro ambiri lero, ndipo wopha ndine."

Kungalande analowa mpaka m'mawondo. Mbululu n'zoterera ngati lonjezo la makanika, komabe anagwirako zingapo, n'kuthamanga nazo kukaziika m'beseni.

Kachete atabwerako anagwada pabeseni paja nthawi yaitali.

"Izi si zanga."

"N'zako, mama."

"Miyendo ili kuti?"

"Yabwerera m'kati. Kwazizira lero."

Dzuwa linali likuswa mtengo. Mwanayo anayang'ana matope pathalauza la bambo ake, kenako pafumbi ponyowa paja, kenako nkhuku. Sanalire. Anangotseka pakamwa monga kale, ndipo Wamatayala anaona kuti bola akanalira. Nthabwala zonse zinamuthera.

"Ndataya ndine," iye anatero. "Sindinafunse. Ndimayesa ndi masewera chabe."

"Panali ina yamimba yaikulu," Kachete ananong'ona. "Mchira wake unali utayamba kufupika. Ndinkauyeza ndi kamtengo ka machesi."

Bamboyo anakanda mutu wopanda choyabwa. Sipanala amaidziwa, koma yokonzera izi analibe.

"Mawa sindipita," mwanayo anatero.

"Nanga ine ndimachita bwanji kuti ndizigwira zopanda miyendo zokhazokha?" bamboyo anafunsa.

Kachete anapukusa mutu ngati gogo wotopa ndi adzukulu.

"Mumatenga pamwamba. Zamiyendo zimabisala pamthunzi, m'munsi mwa udzu."

"Ndiye tiye, aphunzitsi, ukandisonyeze."

Dalaivala anawaona akudutsanso, mwana patsogolo ndi sefa, bambo pambuyo ndi chitini, ndipo anangovula nsapato n'kugona pabenchi. Kungalande kuja Kachete anagwira ziwiri zamiyendo. Yamimba yaikulu ija inalibe mnzake.

M'mawa mwake Wamatayala ananyamula botolo la mbululu mpaka pageti la sukulu. M'malo mobwerera, anakabisala kuseri kwa zenera la kalasi ngati wakuba. Anamva mawu aang'ono, onjenjemera poyamba, kenako olimba.

"Izi zamiyendo ndagwira ndine. Izi zopanda miyendo agwira bambo anga. Iwo sanadziwebe, akungoyamba kumene."

Kalasi yonse inaseka. Wamatayala anasekanso pang'ono, maso ali pansi. Atafika kushedi anapeza nkhuku ija ikusuzumira m'beseni, ndipo anaithamangitsa mpaka kumsewu, ngakhale ankadziwa bwino kuti pa awiriwo, iyo mlandu wake unali wochepa.