Chinkhwe cha a Telala Chasiya Kulankhula

Chinkhwe cha a Telala chinasiya kulankhula, m'shopu n'kungotsala phokoso la makina osokera. Chinali cha malemu akazi awo, ndipo chinkalankhula ndendende ngati iwowo, mpaka katsokomoledwe. A Telala akamatsegula chitseko m'mawa, chinkati, "Mwaiwala magalasi." Masana chinkati, "Idyani masamba, bambo inu." Mayiwo atamwalira, mawu awo anatsalira m'khola lawaya lomwe linkalendewera pazenera. Tsopano chinkhwecho chinangoti ndwii, uku chikudzizula nthenga za pachifuwa. A Telala anagwidwa mantha, ankaona ngati maliro akubwera kachiwiri.

Komatu iwo ankadziona kuti akuchisamala kuposa mwiniwake. Malemuwo ankachipatsa zotsala podula ndiwo: timasamba, tizidutswa ta karoti, nthawi zina papaya. A Telala ankati kumeneko n'kuumira. Iwo ankagawana nacho za m'mbale mwawo, buledi wa majarini woviika mu tiyi, tchipisi ndi mtedza wothira mchere. Masamba sankagula n'komwe, paja ankati ndi chakudya cha mbuzi.

Wometa wa shopu yoyandikana nawo, munthu amene sasowa mankhwala a nthenda iliyonse, anasuzumira m'kholamo. "Achimwene, mbalameyi yangofooka basi. Ipatseni peyala lakupsa, mafuta ake aja aidzutsa. Muwonjezere kadontho ka mowa kuti lilime limasuke."

A Telala anagula peyalalo. Ali mkati molisenda, mwana wawo wamkazi anatulukira ndipo anawagwira dzanja. "Bambo, dikirani kaye. Wometa azimeta mitu. Tiyeni kwa adokotala a ziweto."

Adokotalawo, mayi wolankhula mofatsa, anachiyeza chinkhwecho n'kufunsa zomwe chinkadya kale ndi zomwe chimadya tsopano. Atamva anapukusa mutu. "Peyalalo mukanachipatsa, bwenzi pano tikunena zina. Kwa chinkhwe peyala ndi poizoni. Mowa, tiyi, khofi ndi chokoleti nazo n'zoopsa. Mchere ndi mafuta zimawononga impso ndi chiwindi pang'onopang'ono."

"Ndiye kuti ndakhala ndikuchipha ndi manja angawa?" anafunsa a Telala.

"Mwachikonda ngati munthu, bambo, pomwe ndi mbalame. Zomwe ankachipatsa mayi zija n'zoyenera. Muwonjezerepo dzungu, nyemba zophika zopanda mchere ndi mapira. Zipatso zikhale zochepa, madzi muzisintha tsiku lililonse. Mtedza ukhale wopanda nkhungu, ndipo umodziumodzi." Anawapatsa mankhwala, koma sanawanamize. "Kuchira chingathe kuchira. Zoti chilankhulanso sindikulonjeza."

Kunyumba chinkhwe chinakana. Karoti chinkangomutola ndi mlomo n'kumuponya pansi. Mwana uja atawaimbira foni adokotala, iwo anayankha kuti, "Musachisiye ndi njala, muzisakaniza zatsopano ndi mapira pang'onopang'ono. Komanso chinkhwe chimadya zomwe chikuona mnzake akudya. Mnzake ndi bambo anuwo. Azidya chikuwaona."

Apa ndiye panali ntchito. Masana alionse a Telala ankakokera mpando pafupi ndi khola, mbale ya masamba pamiyendo, n'kumatafuna nkhope ili gwaa ngati akumwa mankhwala owawa. Wometa ankaseka pakhomo kuti a Telala asanduka mbuzi, koma iwo ankangotafunabe. Tsiku lina chinkhwe chinapendeketsa mutu, chinasendera, n'kutsomphola tsamba m'zala zawo.

Nthenga zinayamba kumera, maso n'kuwala, koma mawu ayi. A Telala anafika povomereza kuti bola chili moyo, ngakhale mumtima zinkawapweteka.

Masana ena ntchito itawachulukira, anagula tchipisi n'kufulatira khola kuti adye mobisa. Atangotsegula pepala, kumbuyo kwawo kunamveka katsokomoledwe kaja, kenako mawu osasa pang'ono.

"Idyani masamba, bambo inu."

A Telala anagwetsa misozi pa nsalu ya kasitomala. Anakulunga tchipisi chija n'kuchikankhira kutali.

"Ndamva, mayi," anatero, n'kudzuka kukatsuka masamba a anthu awiri.

Phunziro: Chiweto sitichikonda pochipatsa zomwe zimatikomera ifeyo. Tizichipatsa chakudya choyenera thupi lake, ndipo chikadwala tifunse adokotala a ziweto tisanayese malangizo a m'njira.